Kusankha ndi Kuika Miyala pa Khoma Lokutidwa ndi Matabwa

Pa khoma limene lavekedwa zinthu ziwiri, miyala m'munsi ndi matabwa m'mwamba, malo oyenera kuwaganizira koposa ndi mzere umene ziwirizo zimakumanirana. Eni nyumba ambiri amatha masabata akusankha mtundu wa mwala ndi penti ya matabwa, koma mzerewo amangousiya m'manja mwa mmisiri osafunsa kanthu, chonsecho ndi pamenepo pamene madzi a mvula amapezera njira yolowera m'khoma, ndipo ndi pomweponso pamene munthu wodutsa mumsewu amaonera ngati nyumbayo inamangidwa moganizira kapena inangomatidwa zokongoletsa. Choncho musanagule ngakhale mwala umodzi, dziwani kumene mzerewo udzadutse ndi mmene mudzautetezere.

Matabwa okutira khoma, amene pa Chingerezi amati siding, ndi kamangidwe kofala ku United States ndi ku Canada, kumene nyumba zambiri zimaimikidwa ndi felemu ya matabwa m'malo mwa njerwa, kenaka n'kuvekedwa kunja matabwa opingasa osanjikizana ngati mamba a nsomba, lapamwamba likuphimba m'mphepete mwa lapansi kuti madzi azingotsetsereka. Alipo a mtengo weniweni, alipo a pulasitiki yotchedwa vinyl amene anayamba kupangidwa chakumapeto kwa zaka za m'ma 1950, ndipo aliponso opangidwa ndi simenti yosakaniza ndi mchenga ndi ulusi wa mitengo, amene kampani ya James Hardie imadziwika nawo. Abale athu okhala ku Cape Town ndi ku Johannesburg amawadziwa omalizawa ndi dzina lakuti Nutec, la kampani ya Everite, popeza nyumba zambiri zazing'ono za kuseri kwa mabwalo zimamangidwa ndi amenewa. Kwathu kuno khoma limakhala la njerwa kapena la mabuloko, ndipo matabwa otere amakhomedwa pamwamba pa khomalo, kawirikawiri pa gebulo (khoma losongoka la pansi pa nsonga ya denga) kapena kumaso kwa nyumba. Ngakhale amene m'mwamba mwa khoma lanu muli pulasitala yekha, zambiri zimene zikutsatirazi zikukukhudzani.

Kumene mwala uyenera kukhala

Mwala ndi chinthu cholemera, ndipo diso la munthu limadziwa zimenezi ngakhale mwiniwake sanaphunzirepo za zomangamanga. Nyumba zakale za miyala, monga Stone House ya ku Livingstonia, zimaoneka zokhazikika chifukwa mwala wake umachokera m'nthaka ndi kusenza zonse zimene zili pamwamba pake. Mwala wokongoletsa susenza kanthu, komabe uyenera kuikidwa pamalo amene mwala wosenza ukanakhala. Ichi ndi chifukwa chake miyala imakhala bwino m'munsi mwa khoma kuzungulira nyumba, pa zipilala za khonde, pa chumuni kuyambira pansi mpaka pamwamba, kapena pa gawo la nyumba lotulukira kutsogolo limene lili ndi khomo lalikulu, lomwe mukhoza kuliveka miyala kuyambira pansi mpaka kudenga. Koma miyala yoikidwa pa gebulo pamene pansi pake pali matabwa, kapena kachigamba ka miyala pakati pa mazenera awiri kosafika pansi, imaoneka ngati yalendewera m'malere, ndipo ngakhale itakhala yodula chotani nyumbayo siipindula nayo.

Msinkhu wa miyala usadule khoma pakati penipeni, chifukwa magawo awiri ofanana amalimbirana diso ndipo nyumba imaoneka yaifupi kuposa mmene ilili. Gawo limodzi mwa magawo atatu a khoma ndi muyeso umene sukhumudwitsa kawirikawiri. Pa khoma lotalika mamita 2.7, miyala ikafika mamilimita 900 imakhala kuti yafika pafupi ndi tsinde la mazenera a nyumba zambiri, ndipo ndi bwino kuti mzerewo ugwirizane ndi tsinde la zenera kusiyana ndi kuti udutse pang'ono pamwamba kapena pansi pake, n'kusiya timizere tiwiri toyandikana tosagwirizana. Ngati mazenera anu ali pa misinkhu yosiyana, monga la kubafa lokwera ndi la pabalaza lotsika, tsatirani mazenera amene ali ambiri kumaso kwa nyumba, ndipo enawo miyala iwazungulire.

Pali cholakwa chimodzi chimene ndimachiona kawirikawiri moti ndiyenera kuchitchula mosabisa. Pofuna kuchepetsa ndalama, anthu amaveka miyala kumaso kokha ndi kuithetsa ndendende pa ngodya yotulukira kunja. Munthu akaima cham'mbali amaona kupyapyala kwa mwalawo, ndipo chinsinsi chonse chimaululika: khoma limene limaoneka la mwala likupezeka kuti ndi chikopa chabe cha zala ziwiri. Mwala uyenera kuthera pa ngodya yolowa mkati, pamene makoma awiri amakumana mobisala. Ngati ndalama sizilola kuzungulira nyumba yonse, ukhotetseni pa ngodyapo ndi kuupititsa m'mbali mpaka upeze chifukwa choimira, monga chitseko, mpanda wolumikiza ku nyumba kapena paipi yotsitsa madzi a padenga. Kuli bwino kutsitsa msinkhu wa miyala ndi kuzungulira nayo kusiyana ndi kuikweza kumaso kokha. Pa zipilala za khonde, tsinde la miyala likhale lonenepa kuposa mzati wokwera pamwamba pake, ndipo livekedwe mbali zonse zinayi.

Zonsezi mukhoza kuziyesa osaononga tambala. Lembani mzere pakhoma ndi choko kapena khala, kapena mangani chingwe kuchokera ngodya ina kufika ina, ndipo pitani mukaime kumsewu kumene alendo adzayambire kuiona nyumbayo. Jambulani ndi foni, sinthani msinkhu wa chingwe, jambulaninso. Zimene zikuoneka bwino munthu ataima pafupi ndi khoma nthawi zambiri zimasintha akatalikira.

Kusankha mwala

Miyala yovekera khoma ili m'magulu atatu, ndipo kusiyana kwake kwakukulu ndi kulemera. Woyamba ndi mwala wachilengedwe wathunthu, wonenepa mamilimita 75 mpaka 125, umene umamangidwa ngati khoma lachiwiri kutsogolo kwa loyamba. Mwala wolimba ngati granite ukakhala wonenepa mamilimita 100 umalemera makilogalamu oposa 250 pa sikweya mita iliyonse, choncho sungamatidwe pakhoma. Umafuna kuti maziko akulitsidwe kuti ukhale ndi popondapo, ndiponso umangiriridwe ku khoma lalikulu ndi timawaya tachitsulo tosachita dzimbiri. Ngati nyumba inamangidwa kale popanda popondapo pamenepo, gulu ili likutanthauza kukumbanso m'mbali mwa maziko. Wachiwiri ndi mwala wachilengedwe wochekedwa kapena wong'ambidwa mopyapyala, mamilimita 20 mpaka 40, umene umamatidwa ndi matope a simenti. Wachitatu ndi mwala wochita kupanga, wa simenti yopepuka yothiridwa m'zikombole ndi kupatsidwa mtundu, umene unayamba kugulitsidwa ku California m'zaka za m'ma 1960. Kwa zaka zambiri malamulo a zomangamanga a ku United States sankalola kuti mwala womata upitirire makilogalamu 73 pa sikweya mita, ndipo muyeso umenewu ndi wothandiza kulikonse: mwala wolemera kuposa pamenepo usadalire simenti yokha.

Mwala wochita kupanga ndi wopepuka, umabwera ndi zidutswa za pangodya zopindika kale, ndipo mmisiri amafulumira nawo. Kuipa kwake n'kwakuti mtundu wake kawirikawiri umakhala pamwamba, moti ukabenthuka mkati mumaoneka simenti, ndipo dzuwa la zaka zambiri limaufwifwitsa. Komanso zikombole zimabwereza maonekedwe, choncho pa khoma lalikulu munthu watcheru amaona mwala womwewo ukubwera kangapo. Ine ndimakonda mwala wachilengedwe wopyapyala kumene ukupezeka pafupi, chifukwa mwala wa m'dera lomwelo umagwirizana ndi nthaka ndi mapiri ozungulira mwa njira imene wochokera kutali sungathe, ndipo mtengo wa thiransipoti umachepa.

Mwala wachilengedwe uyenera kuyesedwa, pakuti si wonse umene ungapirire panja. Ugogodeni ndi hamala: wolimba umalira mokweza ngati chitsulo, wofumbwa kapena wokhala ndi mng'alu wobisika umalira mogonthera. Thiranipo madzi pang'ono ndi kuona ngati akukhala pamwamba kapena akumwedwa nthawi yomweyo. Mwala womwa madzi kwambiri, monga mitundu ina yofewa ya sandstone, umamera ndere ndipo umada msanga kumbali kumene dzuwa silifika kwambiri. Ukandeni ndi msomali; ngati ukuyoyoka mchenga, usiyeni. Mwala wa magawomagawo monga slate muuyang'ane m'mbali, ndipo ngati magawowo akutheka kutsegulidwa ndi chikhadabo dziwani kuti adzasendeka ali pakhoma. Madontho ofiirira ngati dzimbiri amasonyeza kuti mwalawo uli ndi chitsulo, ndipo mvula idzatsitsa mizere ya dzimbiri pa miyala ya m'munsi. Mukadonthezapo viniga n'kuona tithovu, ndiye kuti ndi mwala wa laimu, womwe ndi wokongola koma sufuna kutsukidwa ndi asidi ngakhale pang'ono.

Za mitundu, yambani ndi zimene simungathe kusintha: malata kapena matailosi a padenga, mafelemu a mazenera, ndi dothi la pabwalo panu. Dothi anthu amaliiwala. Kumene kuli katondo wofiira, madontho a mvula amathovukira pakhoma ndi matope, ndipo mwala woyera umene munaukonda pogula umasanduka wofiira m'munsi dzinja loyamba lomwe. Kumalo otere mwala wa mtundu wa dothi, wotuwa moderapo kapena wofiirira, umabisa zambiri. Sankhani mwala poyamba, penti ya matabwa pambuyo, popeza penti ilipo ya mitundu yosawerengeka pamene miyala ili ndi mitundu yochepa. Njira yosavuta ndiyo kuyang'anitsitsa mwalawo, kupeza mtundu umodzi wofatsa umene uli mkati mwake, ndi kupenta matabwa mtundu umenewo, mowalirapo kapena moderapo pang'ono kuti ziwirizo zisasungunukirane. Ngati mwala uli wamawangamawanga, matabwa akhale a mtundu umodzi wodekha. Ngati mwala uli wa mtundu umodzi, matabwa akhoza kulimba mtundu. Zonse ziwiri zikakhala zaphokoso, diso limasowa popumira. Kukula kwa miyala kutsatenso kukula kwa nyumba, pakuti miyala ikuluikulu pa kanyumba ka zipinda ziwiri imakameza, ndipo timiyala ting'onoting'ono pa nyumba yosanja timaoneka ngati zinyenyeswa.

Musakhulupirire chithunzi cha pa intaneti kapena mwala umodzi wa m'manja. Tengani miyala yokwanira sikweya mita imodzi, muiyale pansi pa khoma lenilenilo pamodzi ndi thabwa lopentedwa, ndipo muione m'mawa, masana ndi madzulo, youma ndiponso mutaithira madzi, chifukwa mwala wonyowa umada kwambiri ndipo miyezi yamvula mudzauona wotero masiku ambiri.

Powerengera kuchuluka, chulukitsani utali wa khoma ndi msinkhu wa miyala, n'kuchotsapo zitseko ndi mazenera. Khoma la mamita 12 lokhala ndi miyala yofika mamilimita 900 ndi masikweya mita 10.8, ndipo mukachotsa malo a chitseko chimodzi amatsala pafupifupi 10. Onjezerani gawo limodzi mwa magawo khumi chifukwa cha yosweka ndi yodulidwa, mugule 11. Pa muyeso wa makilogalamu 73 uja, umenewu ndi katundu wa makilogalamu pafupifupi 800, wofanana ndi matumba 16 a simenti, ndipo khoma lanu liyenera kukhala loti lingaunyamule. Gulani yonse nthawi imodzi kuchokera pamalo amodzi, popeza mwala wokumbidwa mwezi wina, ngakhale m'phiri lomwelo, umatha kusiyana mtundu.

Kukonza khoma, ndi mzere wokumanirana

Mwala womata sutchinga madzi. Mfundo imeneyi ndiyo imene anthu ambiri saimvetsa, chifukwa amaganiza kuti chinthu cholimba chotero sichingalowe madzi. Koma mizere ya simenti ya pakati pa miyala imamwa mvula, ndipo ina imafika kuseri. Ntchito yonse ya kukonza khoma ndiyo kuonetsetsa kuti madzi olowawo ndi ochepa ndipo ali ndi potulukira.

Pa khoma la felemu ya matabwa, monga nyumba za ku America kapena za Nutec, thabwa la mkati limakutidwa kaye ndi mapepala awiri otchinga madzi, oyalidwa kuyambira pansi kupita m'mwamba kuti lapamwamba liziphimba lapansi. Pamwamba pa mapepalawo amakhomapo waya wachitsulo wa maenjemaenje wosachita dzimbiri, ndipo misomali yake iyenera kulowa m'mitanda ya felemu, osati m'thabwa lopyapyala lokha. Kenaka amapaka matope a simenti onenepa pafupifupi mamilimita 13 kuti wayayo amire, amawakanda mizere yopingasa asanaume, ndi kuwasiya tsiku limodzi kapena awiri. M'munsi mwenimweni mumakhala lata la zibowo lotulutsa madzi. Miyala isamatidwe pamwamba pa matabwa okutira amene alipo kale. Amenewo achotsedwe pa gawo lonse limene miyala idzakhale.

Pa khoma la njerwa kapena mabuloko ntchito ndi yopepukirapo, koma khomalo likhale loyera ndi lokhakhala. Penti ndi laimu zipalidwe zonse, pakuti simenti ikamatidwa pa penti imagwira pentiyo osati khoma, ndipo tsiku lina mwala umagwa pamodzi ndi chikamba chake. Pulasitala wosalala agobedwe ndi tchizulo, wolira ngati ng'oma achotsedwe, ndipo khoma latsopano lipatsidwe masabata anayi kuti liume ndi kukhazikika. Matabwa a m'mwamba pa khoma lotere amakhomedwa pa timatabwa toimirira tothiridwa mankhwala a chiswe, tosiya mpata kuseri kuti mphepo izidutsa.

Tsopano pa mzere uja. Miyala imatulukira kunja kuposa matabwa, choncho pamwamba pake pamakhala ngati kashelefu kolandira madzi onse otsika pa matabwa a m'mwamba. Kashelefu kameneka kavindikiridwe ndi mwala wathyathyathya kapena konkire woumbidwa, wopendekera kunja, wotulukira kupitirira nkhope ya miyala ndi mamilimita 25 mpaka 40, ndipo kunsi kwake kukhale kangalande kakang'ono kochekedwa m'litali kuti dontho likafika pamenepo ligwe pansi m'malo mobwerera kukhoma. Pamwamba pa chivindikirocho pakhale lata lopindidwa, limene amisiri amati flashing: mbali imodzi ikwere khoma mamilimita pafupifupi 100, kuseri kwa matabwa ndi kuseri kwa pepala lotchinga madzi, ndipo mbali inayo igone pa chivindikiro kuloza kunja. Dongosolo lake ndi lomwe lija la malata a padenga, lapamwamba kuphimba lapansi. Lata likaikidwa kutsogolo kwa pepala, madzi otsika pa pepalalo amalowa kuseri kwa lata ndipo ntchito yonse imakhala yopanda pake. Thabwa loyamba lisagunde lata. Pasiyidwe mpata wa mamilimita 6, ndipo mpatawo usatsekedwe ndi silikoni, chifukwa ndiwo khomo lotulukira madzi. Mmisiri wofuna kukusangalatsani adzafuna kuumata kuti pakhale paudongo, koma mukanizeni.

Ndinaonapo nyumba ina imene zimenezi zinadumphidwa. Miyala inangothera pamwamba ndi simenti yosalazidwa ndi chipande, ndipo thabwa loyamba linakhala pa simentiyo mwachindunji. Patapita madzinja awiri, m'munsi mwa thabwalo munatupa ngati buledi wonyowa, penti inayamba kusendeka, ndipo pa miyala panatsika mizere yoyera ya mchere. Mmisiri wina atalowetsa tchizulo kuseri kwa mwala umodzi, mwalawo unachoka wonse mosavuta, ndipo kuseri kwake kunali kwakuda, konyowa, kukununkha nkhungu, kanjira ka chiswe kakukwera m'mbali mpaka kukafika pa matabwa. Lata limene likanateteza zonsezi mtengo wake sukanafika ngakhale pa mtengo wa miyala ya sikweya mita ziwiri.

Pamene miyala ndi matabwa zikumana choimirira, monga m'mbali mwa chumuni kapena mwa gawo la khomo lalikulu, ikani thabwa loimirira lothetsera matabwa opingasa, siyani mpata wa mamilimita 10 pakati pa thabwalo ndi mwala, ndipo mpata umenewu ndiwo woyenera kutsekedwa ndi zomatira zofewa zotha kutanuka. Simenti pamenepo imang'aluka, chifukwa thabwa ndi mwala sizifutukuka mofanana dzuwa likatentha. Chimodzimodzinso pozungulira mafelemu a mazenera ndi zitseko. Yang'ananinso pamene denga laling'ono, monga la khonde, limathera pa khoma: madzi onse a dengalo amakhuthukira malo amodzi, ndipo payenera kukhala lata lowakankhira kutali ndi miyala.

M'munsi namo muli lamulo lake. Mwala womata uthere mamilimita 100 pamwamba pa dothi, kapena mamilimita 50 pamwamba pa simenti ya kakhonde kozungulira nyumba. Ambiri sakonda mpata umenewu chifukwa amafuna kuti mwala uoneke ngati wamera m'nthaka, koma mwala wokhudza dothi umayamwa chinyezi ngati chingwe cha nyali. Pa nyumba za njerwa, pepala lakuda la pulasitiki limene limayalidwa pamwamba pa maziko linaikidwa kuti chinyezi chisakwere. Mukamata miyala kuchokera m'dothi kudutsa pepalalo, mwachipangira chinyezi mlatho, ndipo chiswe mwachipatsa njira yobisika imene simudzaiona. Mpatawo upenteni mtundu wakuda kapena wotuwa, ndipo yalani miyala ya kwale m'mbali mwa nyumba kuti matope asathovuke. Patali pang'ono suoneka n'komwe.

Kumata miyala

Musanasakanize simenti, yalani miyala pansi ndi kuisakaniza kuchokera m'milu kapena m'mabokosi osiyanasiyana, kuti yakuda isaunjikane mbali imodzi ndi yowala mbali ina. Tsukani fumbi kuseri kwa mwala uliwonse. Matope akhale a muyeso umodzi wa simenti pa miyeso itatu kapena inayi ya mchenga wa kumtsinje wosefa bwino, wopanda dothi, ndipo kwa miyala yosamwa madzi monga granite ndi quartzite ndi bwino kugwiritsa ntchito zomatira za m'matumba zopangidwira miyala ya panja, kapena kuthira m'matope mankhwala owonjezera kugwira. Sakanizani ochepa amene angathe pasanathe ola limodzi, ndipo amene ayamba kuuma mu wilibala asathiridwenso madzi.

Yambani ndi ngodya, mukusinthanitsa mbali yaitali ndi yaifupi mzere uliwonse monga mmene njerwa zimalumikizirana, kenaka lowani chapakati. Khomani thabwa lowongoka m'munsi, loyesedwa ndi levulo, kuti mzere woyamba ukhalepo mpaka utagwira. Nyowetsani khoma ndi kuseri kwa mwala, koma madzi asachite kuyenderera. Pakani matope onenepa mamilimita pafupifupi 13 kuseri konse kwa mwala, osati timilu tinayi m'makona monga amachitira ofulumira, chifukwa mphako iliyonse yotsala kuseri imasanduka chitsime. Kanikizani mwalawo mukuugwedeza pang'ono mpaka matope atulukire m'mbali zonse. Nthawi ndi nthawi chotsani mwala umodzi umene mwangomata ndi kuona kuseri kwake; ngati pali malo ouma, kapakidwe kasinthe.

Mizere ya pakati pa miyala ikhale yofanana, pafupifupi chala chimodzi. Pewani mzere woimirira wopitirira miyala iwiri kapena itatu, ndiponso malo amene makona a miyala inayi akumana ngati mtanda, pakuti mmisiri womanga khoma lenileni la miyala sangachite zimenezo, ndipo diso limazindikira. Miyala yaitali igone chopingasa, ikuluikulu ichuluke m'munsi, ndipo pa mamilimita 300 kapena 400 aliwonse kokani chingwe kuona ngati simunayambe kupendekeka. Mbali yodulidwa ndi makina ibisike: pansi pa msinkhu wa maso iyang'ane pansi, pamwamba pa msinkhu wa maso iyang'ane kumwamba. Mzere womaliza pansi pa chivindikiro uwerengeredwe pasadakhale kuti usathere pa tizidutswa topyapyala.

Podula miyala kapena matabwa a simenti, thirani madzi pa chodulira ndipo wodulayo avale chotchinga mphuno ndi magalasi, chifukwa fumbi lake lili ndi silica amene amaononga mapapo mosabwezeka. Ngati mukuchotsa matabwa a simenti akale kwambiri, musawadule kapena kuwaswa musanadziwe chimene anapangira, popeza akale ankasakanizidwa ndi asbestos, ulusi woononga mapapo umene South Africa inaletsa mu 2008. Ndipo miyala ya pamwamba pa zitseko, mazenera ndi njira zodutsa anthu isadalire matope okha: ikhale pa chitsulo chopingasa kapena imangiriridwe ndi waya. Dziko lathu lili m'chigwa chimene chimagwedezeka, monga anaonera anthu a ku Karonga mu December 2009, ndipo mwala wothothoka pamwamba pa khomo umagwera pamene anthu akuthawira.

Mizere idzazidwe matope atayamba kulimba, ndipo isalazidwe ndi kamtengo kapena kachitsulo pa nthawi imene chala chikusiya chidindo popanda kumatirira. Ilowe mkati pang'ono chabe, chifukwa yozama kwambiri imasunga madzi. Mtundu wa matope a m'mizere umasintha maonekedwe a khoma lonse kuposa mmene anthu amayembekezera, choncho yesani kaye pa kagawo kobisika. Matope akagwera pankhope ya mwala musawapukute ndi nsanza yonyowa, pakuti mudzangopaka chifunga cha simenti chimene sichichoka. Adikireni afike pofumbutuka ndi kuwachotsa ndi burashi youma. Asidi ndi burashi ya waya zisayandikire mwala wochita kupanga kapena wa laimu.

Nyengo yabwino ya ntchitoyi ndi mvula itatha, kuyambira May mpaka August, pamene dzuwa silipsereza matope asanagwire. Ngati mukumata mu October, yambani m'mamawa, tsatirani mthunzi, phimbani khoma ndi masaka onyowa, ndipo muziliwaza madzi pang'onopang'ono kwa sabata imodzi. Ku Blantyre, Thyolo ndi Mulanje khalani ndi pepala lophimbira pafupi ngakhale m'miyezi yozizira, chifukwa chiperoni chimabwera ndi mvula yowaza imene imatsuka mizere yaiwisi.

Matabwa amabwera pomaliza, lata lija litakhala kale m'malo mwake. A mtengo ndi a simenti apakidwe penti yoyamba mbali zonse, makamaka kumene adulidwa, asanakhomedwe. A vinyl amafutukuka ndi kutentha, choncho msomali ulowe pakati pa chibowo chake chachitali ndipo usakhomedwe mothinitsa, kuti thabwa lizitha kusuntha. Likapanikizidwa limapindika ngati mafunde. Pamene palibe miyala m'munsi, matabwa a simenti athere mamilimita 150 pamwamba pa dothi.

Mankhwala opaka pamwamba pa miyala si ofunika nthawi zonse. Ngati mwala wanu ndi womwa madzi, dikirani mwezi umodzi kuti khoma liume, ndipo sankhani mankhwala olowa mkati amene amalola chinyezi kutuluka, osati vanishi yonyezimira, imene imatsekera madzi m'kati ndi kuyamba kuyera ndi kusendeka. Mchere woyera ukaoneka m'miyezi yoyamba, uchotseni ndi burashi youma. Ukamabwerera malo omwewo, ndiye kuti pali pamene madzi akulowera, ndipo koyamba kuyang'ana ndi pa chivindikiro ndi pa lata.

Mvula yoyamba yamphamvu ikagwa, tengani ambulera muzungulire nyumba ikugwabe. Onani ngati madzi akudontha kuchokera pa mlomo wa chivindikiro n'kugwa pansi, kapena akukwawa kubwerera pankhope ya miyala, ndipo onani kumene madzi a padenga akumenya khoma. Kukacha gogodani miyala ndi chigwiriro cha hamala, ndipo umene ukulira mwa mphako ulembeni choko kuti umatidwenso mvula isanakhazikike. Chaka chilichonse dzinja lisanayambe chotsani zinyalala mu mpata wa mamilimita 6 uja, ndipo uzani wosamalira maluwa kuti dothi la m'mabedi lisaunjikidwe kufika pa miyala.